Mangawa a Munthu Wophunzira

Pali funso limene likhala nafe masiku onse, koma kawirikawiri tiopa kulifunsa poyera: kodi nzeru zimene munthu azipeza kusukulu nza yani? Ambiri adzayankha msanga kuti nza mwini wace. Adzati, munthuyo anadzuka m'mamawa anzace ali m'tulo, nawerenga usiku kufikira maso kuwawa, napirira njala ndi mayeso. Cifukwa cace nzeruzo nzace monga ng'ombe za m'khola mwace, akhoza kuzigulitsa kumene afuna, kapena kuzitsekera osagawirako munthu. Mau amenewa ali ndi coonadi m'kati mwace, ndipo sitiwanyoza. Koma ife tiyesa kuti sakwanira. Tinena kuti munthu wophunzira ali wamangawa, ndi kuti eni ace a mangawawo ndiwo anthu aja osadziwa kuwerenga, amene sanamkongoze kanthu ndi manja ao, ndipo sadzadza pakhomo pace kudzalonjerera. Kuti mauwa asakhale a m'mwamba cabe, tiyeni tiwayese ndi moyo wa munthu mmodzi wa ku India, mphunzitsi wa malamulo dzina lace Upendra Baxi, amene anakhalanso mkuru woyang'anira Mayunivesite awiri a m'dziko lace.

Tiyambe taona dzikolo. Anthu a ku India anamasuka ku ulamuliro wa Angerezi m'caka ca 1947, ndipo pa 26 January 1950 anayamba kuyendera buku la malamulo aakuru limene anadzilembera okha. Wotsogolera bungwe lolemba anali Dr. B. R. Ambedkar, munthu wobadwira m'pfuko lonyozeka limene a mapfuko ena sanalola ngakhale kulikhudza. M'bukumo analembamo zokoma zambiri: kuti anthu onse alingana pamaso pa lamulo, kuti mwambo wa kuyesa ena osakhudzika watha, kuti munthu asalandidwe moyo wace kapena ufulu wace koma monga mwa lamulo, ndi kuti ali yense wolakwiridwa pa zimenezi akhoza kukadandaula ku Bwalo Lalikuru la dziko lonse, lokhala ku Delhi. Koma taonani cobvuta cace. Pakuwerenga anthu m'caka ca 1951 anapeza kuti odziwa kuwerenga sanafike mmodzi mwa anthu asanu. Ndiponso cinenero ca Bwalo Lalikurulo ndico Cingerezi, cimene mlimi wa kumudzi sacimva. Motero lonjezo linalembedwera osauka, koma linasungidwa m'nyumba imene mfungulo yace inali m'manja mwa ophunzira okha. Apa ndipo payambira mangawa amene tinena. Munthu wogwira mfungulo ya nyumba ya anthu onse sakhoza kunena kuti mfunguloyo ndi cuma ca iye yekha.

Baxi anabadwa m'caka ca 1938 ku Rajkot, m'cigawo ca Gujarat. Anaphunzira malamulo ku Bombay, naoloka nyanja kukatsiriza maphunziro ace ku Berkeley, m'dziko la America. Pambuyo pace anaphunzitsa zaka zingapo ku Sydney, m'dziko la Australia. M'caka ca 1973 anabwerera kwao, nakhala mphunzitsi wamkuru wa malamulo pa Yunivesite ya Delhi. Kufikira apa mbiri yace ifanana ndi ya ophunzira ena ambiri. Ndipo akadalekeza pomwepo, kuphunzitsa usana ndi kulandira malipiro ace pakutha pa mwezi, palibe munthu akadamtsutsa. Cimene cimpatula ndi ici, kuti anachera khutu kulira kwa anthu amene sanali abale ace, kapena ophunzira ace, kapena a pfuko lace.

M'caka ca 1972 mtsikana wina wamasiye, wa zaka zosapitirira 16, wa mtundu wa anthu osauka okhala m'mbali mwa nkhalango za ku Maharashtra, anapita usiku ku nyumba ya polisi pamodzi ndi abale ace, ataitanidwa pa mlandu wina wa pabanja. Atatha kufunsidwa onse, abalewo anauzidwa kuti aturuke, ndipo mtsikanayo anatsala m'katimo ndi apolisi awiri. Poturuka ananena kuti amcitira camanyazi momkakamiza. Dzina lace sitilichula, pakuti anabvutika kokwanira. Mlanduwo unayenda m'mabwalo atatu. Loyamba linamasula apolisiwo. Laciwiri linawapeza olakwa. Ndipo m'caka ca 1978 Bwalo Lalikuru la ku Delhi linawamasulanso. Oweruza anati mtsikanayo sanapfuule, ndipo pathupi pace panalibe mabala, cifukwa cace sikunaoneke kuti anakana. Pamwamba pa bwalo limenelo palibe lina. Ciweruzoco cinalembedwa m'mabuku a mirandu, ndipo anthu ambiri a m'dzikomo sanacimve nkomwe.

Koma nchito ya aphunzitsi a malamulo ndiyo kuwerenga maweruzo. M'mwezi wa September 1979 Baxi ndi anzace atatu, ndiwo Lotika Sarkar, Raghunath Kelkar ndi Vasudha Dhagamwar, analemba kalata yapoyera kwa Woweruza Wamkuru wa dziko lonse, nalembapo maina ao. Phata la kalatayo linali ili, kuti kugonja ndi kulola si cinthu cimodzi iai. Mwana wosauka ndi wosaphunzira, ali yekha usiku m'nyumba ya polisi, pamaso pa amuna obvala zobvala za Boma, akhoza kukhala cete cifukwa ca mantha. Ndipo kukhala cete kwa mantha si cibvomerezo. Anakumbutsanso bwalolo kuti m'caka comweco ca 1978, pa mlandu wa Nandini Satpathy, mai wochuka amene adakhalapo nduna yaikuru ya cigawo ca Orissa, linadzudzula mcitidwe wa kuitanira akazi ku nyumba ya polisi. Nanga lamulo limene linachinjiriza mai wochukayo, linalekeranji kuchinjiriza mwana wa kunkhalango?

Kalatayo itasindikizidwa, mau ace anawanda. M'caka ca 1980 akazi a ku Bombay, Delhi ndi mizinda ina anasonkhana m'miseu kupempha kuti malamulo akonzedwe. Ndipo m'caka ca 1983 Nyumba ya Malamulo inacitadi ici. Inalamula kuti pa mirandu yocitikira m'manja mwa apolisi ndi ena osunga anthu, kukatsimikizika kuti mwamunayo anagona ndi mkaziyo, ndipo mkaziyo anena m'bwalo kuti sanalole, bwalo liyambe layesa kuti sanaloledi, kufikira woimbidwa mlandu ataonetsa umboni wotsutsa. Inakuza cilango ca mirandu yotere, niletsanso kuulutsa dzina la mkazi wolakwiridwa. Aphunzitsi anai analibe asilikari kapena cuma. Anali ndi cidziwitso ndi pepala cabe, koma anabweza nazo gawo la mangawa ao.

Tsono pali zotsutsa zitatu zimene munthu woganiza akhoza kuziutsa, ndipo sitiyenera kuzilumpha.

Coyamba nca ulemu. Wina adzati, ngati aphunzitsi adzudzula oweruza pamaso pa anthu, ndani adzaopanso bwalo? Ndipo bwalo likanyozeka, kodi wosauka sadzayamba ndiye kuphwanyidwa, popeza wamphamvu ali ndi njira zina zodzithandizira? Mauwa ali olemera. Ku India kunyoza bwalo ndi mlandu wolangidwa nao. M'caka ca 1970 Bwalo Lalikuru linatsimikiza kutsutsidwa kwa E. M. S. Namboodiripad cifukwa ca mau amene ananenera oweruza pokhala iye nduna yaikuru ya cigawo ca Kerala. Koma tisiyanitse misece ndi cidzudzulo. Wamisece anena m'mbali, abisa dzina lace, nafuna kuti mnzace acite manyazi. Wodzudzula moona alankhula ndi mwini wace, aonetsa nkhope yace, aturutsa zifukwa zace kuti ziyesedwe, nafuna kuti colakwaco cikonzeke. Aphunzitsi aja anayesa bwalo ndi mau a bwalo lomwelo, ndi buku limene oweruza analumbira kulisunga. Ndipo ife tiyesa kuti umenewo ndi ulemu woposa kukhala cete. Pakuti oweruza ndi anthu, ndipo aphonya. M'caka ca 1976, masiku amene Boma la Indira Gandhi linalikumanga anthu popanda mlandu, oweruza anai mwa asanu anati womangidwa sakhoza kupempha bwalo kuti limmasule. Mmodzi yekha, H. R. Khanna, anakana, ndipo caka cotsatira anamdumpha posankha Woweruza Wamkuru. M'caka ca 2017 Bwalo Lalikuru lomwelo linanena kuti ciweruzo cija cinali colakwa, ndipo wolemba mauwo anali mwana wa mmodzi wa anai aja. Bwalo limene lilola kukonzedwa silitaya ulemu wace; liutaya ndi lija limene anthu aliopa pakamwa, koma mumtima analeka kale kulikhulupirira.

Caciwiri nca tsankho. Ena adzati, munthu wa nzeru akhale pakati, asaime ndi mbali iri yonse, pakuti akayamba kukonda mbali imodzi adzakhotetsa coonadi kuti cikomere anthu ace. Ngozi imeneyi iripodi, ndipo taona ophunzira ambiri akugweramo. Koma tifunse, kodi kukhala cete ndiko kuima pakati? Pamene wamphamvu ndi wofoka alimbana, ndipo munthu wacitatu, wodziwa yekha cimene lamulo linena, atseka pakamwa pace, kukhala cete kwaceko kwathandiza wamphamvuyo. Cimene cifunika kwa wophunzira si kuuma mtima, koma kuti cifundo cace cisapose coonadi: asaonjeze pa zimene zinacitika, asabise mau a mbali inayo, ndipo akatsutsidwa ndi zifukwa zoona abvomere. Mangawa ace abwezedwa ndi ndalama yeniyeni yokha. Bodza lonenera wosauka liri ngati ndalama yacinyengo, imene idzamangitsa iye amene waipatsidwa.

Cacitatu ndico cowawa koposa. Kalata ija inakonzetsa malamulo, koma ciweruzo ca mtsikana uja sicinasinthike. Apolisi aja anakhalabe omasuka. Maina a olemba kalata akumbukika ndi ulemu, ndipo m'caka ca 1983 akazi ena osawerengeka anapeza cochinjiriza. Koma mwini mlandu sanaone cilungamo cace. Kodi tsono wophunzira sakolola mbiri m'munda wa misozi ya ena? Funso ili tisalicotse msanga, pakuti liyenera kukhala ngati munga m'mtima mwa ali yense wonenera anzace. Tidzabwerera kwa ilo potsiriza. Koma tiyambe taona ngati munthuyu analeka atapeza mbiri, kapena anapitirira ndi pamene panalibe cokolola.

M'caka ca 1981 Baxi ndi Lotika Sarkar anamva za nyumba ina ya Boma ku Agra, yosungiramo akazi ocotsedwa m'nyumba za cigololo, kuti akaziwo analikukhala m'zonyansa ndi m'matenda, monga andende osalakwa. Analembera kalata woweruza P. N. Bhagwati, ndipo Bwalo Lalikuru linalandira kalatayo monga dandaulo lenileni la mlandu, niliyang'anira nyumbayo zaka zambiri. Iyi inali njira yatsopano m'masiku amenewo, kuti munthu wosakhudzidwa ndi mlandu aloledwe kugogoda pakhomo pa bwalo m'malo mwa iwo amene sakhoza kufikapo. Baxi anaifotokoza m'nkhani yace ya m'caka ca 1985, ya mutu wakuti Taking Suffering Seriously, ndiko kunena kuti masautso a anthu asayesedwe cinthu copepuka.

Pambuyo pace panadza mlandu umene sunakome. Usiku wa pa 2 December 1984 mpweya wa ululu unaturuka m'fakitale ya mankhwala ophera tizirombo, ya kampani ya Union Carbide, mu mzinda wa Bhopal. Anthu oposa 2,000 anafa masiku oyamba omwewo, ndi ena zikwi zambiri m'zaka zotsatira. Opuma mpweyawo anaposa 500,000, ndipo ambiri a iwo anali amphawi okhala m'tinyumba ta pafupi ndi mpanda wa fakitaleyo. M'caka ca 1985 Boma la India linadzitengera lokha mphamvu ya kuimira obvulala onse, nilipita ndi mlandu ku New York. Woweruza wa kumeneko anaubweza ku India m'caka ca 1986. Ndipo m'mwezi wa February 1989 unatsekedwa ndi cipangano ca madola 470 miliyoni, cinkana Boma linayamba lafuna oposa 3,000 miliyoni. Obvulalawo sanafunsidwe. Baxi anatsutsa cipanganoco, ndipo iye ndi anzace anasonkhanitsa makalata a mlanduwo nawasindikiza m'mabuku m'zaka za 1986 ndi 1990, kuti zimene zinanenedwa ndi kucitidwa zisabisike. M'caka ca 1991 bwalo linautsanso mirandu ya kulanga olakwa, koma muyeso wa ndalama unakhala womwewo. Pamenepa tiphunzira kuti mangawa a wophunzira sayesedwa ndi kupambana. Akuru anati mlandu suola. Koma suola pokhapokha pali wina wousunga, ndipo kusunga mbiri yoona ya colakwa cimene sicinakonzeke ndi nchito imene osadziwa kulemba sakhoza kudzicitira.

Tsono tifike pa mpando, pakuti pamenepo ndipo pali ciyeso cacikuru. Kuyambira 1982 kufikira 1985 Baxi anali mkuru woyang'anira Yunivesite ya South Gujarat ku Surat, ndipo kuyambira 1990 kufikira 1994 anayang'anira Yunivesite ya Delhi, ya makoleji makumimakumi ndi ophunzira zikwi zambirimbiri. Mkuru wa Yunivesite ya Delhi aikidwa ndi Pulezidenti wa dziko, ndipo ndalama zoyendetsera sukuluyo zicokera ku Boma. Motero iye amene analikulemba makalata odzudzula akuru anasanduka wolandira makalata otere. Ndipo nyengoyo sinali ya bata. M'mwezi wa August 1990 nduna yaikuru ya dziko, V. P. Singh, inalengeza kuti pa nchito 100 ziri zonse za Boma, 27 zisungidwire a mapfuko otsalira m'mbuyo. Ophunzira ambiri a mapfuko apamwamba anauka ndi mkwiyo, poona kuti khomo la nchito liwacepera. Ndipo m'mwezi wa September mnyamata wina wa pa Yunivesite ya Delhi anadziyatsa moto pamaso pa anthu. Talingalirani katundu wa munthu wokhala pa mpando m'caka cotero. Polemba buku, cilungamo cioneka poyera, ndipo cholembera sicinjenjemera. Koma pa mpando, olira a mbali zonse ziwiri ali ana ako, ndipo mau ako amodzi akhoza kuzima moto kapena kuukoleza.

Kodi tsono nkwabwino kuti munthu wodzudzula akane mipando, kuti manja ace akhale oyera ndi lilime lace lomasuka? Alipo otero, ndipo sitiwaweruza onse. Koma ife tiyesa kuti kuyera kotere nkotsika mtengo. Nkwapafupi kuloza cala amene asenza mtolo, iwe usanausenzepo. Ndipo anthu oona akakana mipando yonse, siikhala yopanda anthu iai, adzakhalapo ena. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma mpando uonjeza mangawa atsopano pa akale aja. Munthu amene anapempha oweruza kuti amve cidzudzulo ayenera kulola kuti iyenso adzudzulidwe ndi ocepa kwa iye. Muyeso wa mkuru wa sukulu wotere si nyumba zimene anamanga, koma uwu: kodi kalata ya wosesa pabwalo iwerengedwa monga ya mphunzitsi wamkuru? Kodi mphunzitsi womtsutsa agona tulo osaopa kucotsedwa nchito? Kodi acinyamata oturuka m'sukulumo aphunzira kufunsa za lamulo liri lonse kuti ligwera yani, ndipo lipulumutsa yani? Ndiponso mpando ndi cinthu cobwereka, ca zaka zowerengeka. Baxi anakhala pa mipando iwiriyo ngati zaka 7 pamodzi, nabwerera ku nchito ya kuphunzitsa. Ndipo m'caka ca 1996 anapita kukaphunzitsa malamulo ku Warwick, m'dziko la England.

Ali kumeneko analemba buku la The Future of Human Rights, loturuka m'caka ca 2002, ndipo m'menemo muli ganizo limene litithandiza pa funso lowawa lija tinalisiya. Iye aphunzitsa kuti eni ace enieni a ufulu wa anthu, amene anaubala, si maboma kapena anzeru olemba mabuku, koma anthu osautsidwa amene anakana kupirira cosalungama. Ngati nkutero, wophunzira sali mwini mlandu. Ali ngati nkhoswe. Nkhoswe ilankhula pabwalo cifukwa idziwa mayendedwe a mirandu, koma siidya colipira ca mbale wace, ndipo siiwala kuti bala liri pathupi pa wina. Kalata ya 1979 sikadalembedwa mtsikana uja akadapanda kulimba mtima ndi kunena cimene cinamcitikira. Malamulo a 1983 sakadakonzedwa akazi aja akadapanda kudzaza miseu. Mlandu wa Bhopal ukadaiwalika amai amasiye a mu mzindamo akadapanda kuyenda maulendo kukadandaula caka ndi caka. Wophunzira akalandira ulemu pa zinthu zotere, aulandire monga munthu wosungira mnzace katundu, wodziwa kuti mwini wace alipo.

Owerenga athu, ambiri a ife sitidzalembera kalata Woweruza Wamkuru, kapena kuyang'anira Yunivesite. Koma ali yense wodziwa kuwerenga pakati pa osadziwa agwira mfungulo yace, ingakhale yaing'ono: mphunzitsi, mlembi wa m'ofesi, wothandiza m'cipatala, mwana wasukulu wowerengera agogo ace kalata ya Boma. Tsiku lina cidzafika pamaso pathu cinthu colembedwa cimene tidziwa kuti ncokhota, ndipo amene cimpweteka sadziwa nkomwe kuti anali ndi ponenera. Pamenepo tiwerenge bwino kufikira titatsimikiza. Tinene kwa mwini wace, poyera, ndi ulemu, ndi dzina lathu. Ndipo tikatha kunena tisaiwale kubwerera kwa wolakwiridwayo kukamfunsa ngati wathandizikadi. Mangawa amenewa palibe bwalo limene lidzatiitana kuti tiwabweze, ndipo cifukwa ca ici comwe aonetsa poyera ngati sukulu inakuza mtima wathu, kapena inangokuza malipiro athu.